Nyung'unyu ya Tua Tagovailoa: kuguluka, opaleshoni, kuchira ndi draft ya NFL ya 2020

Tua Tagovailoa, wosewera mpira wa ku America (American football), anavulala pa 16 Novembala 2019 ku Starkville, timu ya yunivesite ya Alabama ikusewera ndi Mississippi State. Anali ndi zaka 21. Nyung'unyu yakumanja inaguluka: mutu wa fupa la ntchafu unatulukira kumbuyo, ndipo potuluka unathyola khoma lakumbuyo la chikho chomwe umazunguliramo, chimene madokotala amati acetabulum. Anathyokanso mphuno, ubongo n'kugwedezeka. Kunali kutatsala miyezi isanu ndi sabata imodzi kuti matimu 32 a NFL, ligi yaikulu ya mpirawu ku America, achite draft, mwambo wosankha osewera atsopano ochokera ku makoleji, momwe timu imene yachita moipa kwambiri chaka chapitacho imayamba kusankha.

Vuto la nkhani yonseyi lili pa nthawi. Fupa lothyoka limagwirana pa miyezi itatu, ndipo sikani imaonetsa bwinobwino kuti lagwirana. Koma zinthu ziwiri zimene zimathetsa ntchito ya wosewera wovulala chotere, kufa kwa mutu wa fupa chifukwa chosowa magazi ndi kudyeka kwa chikutiro choterera cha m'kati mwa mfundo, zimatha kubisala chaka chathunthu kapena ziwiri. Matimu anayenera kupereka chigamulo thupi lisanapereke lake.

Wodwalayo ndi zomwe anali atadutsamo kale

Tagovailoa anabadwa pa 2 Malichi 1998 ndipo anakulira ku Ewa Beach, Hawaii, m'banja la makolo achi Samoa. Amasewera ngati quarterback, munthu amene amalandira mpira kumayambiriro kwa sewero lililonse n'kuuponya ndi dzanja kwa anzake othamangira kutsogolo, adani akumuthamangira kuti amugwetse. Amaponya ndi dzanja lamanzere, ndipo zimenezi zili ndi gawo lalikulu pa nkhani ya kuchira kwake. Anadziwika pa 8 Januwale 2018 atalowa m'chigawo chachiwiri cha fainolo ya makoleji m'malo mwa Jalen Hurts n'kugonjetsa Georgia 26-23. Pa zaka zake zitatu ku Alabama anaponya ma touchdown 87 (mipira yomwe mnzake anaifikitsa kumapeto kwa bwalo n'kupeza zigoli), ndipo mipira yomwe adani anailanda m'malere inali 11 yokha.

Mbiri ya thupi lake sinali yoyera. Mu Malichi 2018 anathyoka chala cha dzanja loponyera. Mu Disembala chaka chomwecho anabinya kakolo wakumanzere, kubinya kwa m'mwamba komwe kumang'amba minyewa yomanga mafupa awiri a msongolo, ndipo anamuchita opaleshoni ya TightRope: amaboola mafupa awiriwo, kupisamo chingwe cholimba, n'kuchimanga ndi timabatani tachitsulo mbali zonse ziwiri. Pa 19 Okutobala 2019, posewera ndi Tennessee, kakolo wakumanja anavulala chimodzimodzi. Anamuchita opaleshoni yomweyo mawa lake, ndipo patangotha masiku 20 anasewera masewero onse ndi LSU (yunivesite ya Louisiana State), omwe Alabama inagonja 46-41. Tsiku la ku Starkville linali la 27 chichitireni opaleshoni ya kakoloyo, pa mwendo womwewo wakumanja.

Palibe angatsimikize kuti kakolo ndiye anachititsa kuti nyung'unyu iguluke. Komabe wosewera amene mwendo wake sunabwerere mphamvu zonse amachedwa pang'ono kuthawa omuthamangitsa, ndipo mu masewero awa kuchedwa pang'onoko n'kokwanira kuti amupeze.

Mmene anagwera

Alabama inali patsogolo 35-7, kutatsala mphindi zitatu kuti chigawo choyamba chithe. Mphunzitsi Nick Saban ananena pambuyo pake kuti imeneyo inali nthawi yomaliza yoti Tagovailoa alowe m'bwalo tsikulo, ndipo anamusiya m'bwalo kuti ayeserere kasewero ka changu ka mphindi ziwiri zomaliza. Anathawira kumanzere, nataya mpira, koma osewera awiri a Mississippi State anamugwera kumsana. Bondo lakumanja linayamba kufika pansi, ntchafu itapindikira kumimba.

Kagwedwe kameneka ndi komwe mabuku a mafupa amafotokoza. Nyung'unyu ndi mfundo yolimba kwambiri: chikho chake n'chakuya, chili ndi mlomo wa mnofu wolimba wotchedwa labrum, ndipo chakulungidwa ndi minyewa yokhuthala. Munthu ataimirira, mphamvu yochokera ku bondo imakankhira mutu wa fupa ku denga la chikho, komwe fupa ndi lochindikala. Koma ntchafu ikapindika kufika madigiri 90, mphamvu yomweyo imaloza kumbuyo, komwe khoma ndi lopyapyala. Ngati bondo lapendekera m'kati kwambiri, mutu umadumpha khomalo osalithyola. Ngati lili pakatikati, umaligunda n'kubenthula chidutswa, monga mphika umabenthukira mlomo. N'chifukwa chake pa nyung'unyu khumi zoguluka, pafupifupi zisanu ndi zinayi zimatulukira kumbuyo, ndipo zambiri zimachitika pa ngozi za pamsewu, bondo la munthu wokhala pampando likagunda chitsulo cha kutsogolo kwake. Pa bwalo la masewero sizichitika kawirikawiri. Pamafunika kuti nthaka igwire bondo, kulemera kwa anthu awiri kapena atatu kukhale pamsana.

Wovulala chotere amadziwika asanajambulidwe: mwendo umaoneka wofupika, bondo lapotokera m'kati n'kutsamira pa mwendo winawo, ndipo salola kuti aukhudze.

Maola oyamba

Mutu wa fupa la ntchafu mwa munthu wamkulu umadalira kwambiri mtsempha umodzi wa magazi, medial femoral circumflex, womwe nthambi zake zimakwera m'mbali mwa khosi la fupalo chakumbuyo. Mutu ukatuluka, nthambizi zimakokeka, kupindika kapena kufinyika. Kawirikawiri siziduka, n'chifukwa chake kuubwezera msanga kumatsegulanso njira ya magazi. Lamulo lomwe madokotala a mafupa amagwiritsa ntchito ndi la maola 6. Kafukufuku wa Hougaard ndi Thomsen wa 1986 anapeza kuti mwa omwe anabwezeredwa maola 6 asanathe, pafupifupi 5 pa 100 ndi omwe mutu wa fupa unafa, pomwe mwa ochedwa anaposa theka.

Apa ndi pomwe Tagovailoa anapulumukira. Dokotala wa mafupa wa timu ya Alabama, Dr. Lyle Cain, analengeza kuti nyung'unyuyo inabwezeredwa nthawi yomweyo pa bwalo pomwepo. Kenaka anamunyamula pa helikopita kupita ku chipatala cha St. Vincent's ku Birmingham kukamujambula. Pa zonse zomwe zinachitika miyezi isanu yotsatira, palibe chimene chinaposa ichi kufunika.

Kabwezeredwe kodziwika ndi ka Allis. Wodwala amagona chagada, atapatsidwa mankhwala oletsa ululu ndi ofewetsa minofu. Wothandiza amapanikiza mafupa a chiuno pansi ndi manja awiri. Dokotala amagwira mwendo pansi pa bondo, kukoka motsatira momwe mwendowo wakhalira, kupinda ntchafu pang'onopang'ono mpaka madigiri 90, n'kumaupotoza mofatsa m'kati ndi kunja mpaka mutu utalowa ndi kaphokoso komveka. Zolakwika zimene zimachitika ndi ziwiri. Kukoka mwa nkhanza minofu isanafewe kumatha kuthyola khosi la fupa, vuto loposa loyambalo. Kubwereza kangapo zitakanika kumapala chikutiro choterera chija. Ikakana kawiri kapena katatu, ndiye kuti pali chidutswa kapena mnofu womwe watsekereza, ndipo njira yake ndi kutsegula.

Asanakoke komanso atamaliza, dokotala amayesa mtsempha waukulu wa sciatic, womwe umadutsa kumbuyo kwenikweni kwa mfundoyi ndipo umavulala mwa wodwala mmodzi pa khumi alionse. Kuyesa kwake n'kophweka: wodwala adzutse phazi ndi chala chachikulu, ndipo anene ngati akumva kukhudzidwa pamwamba pa phazi. Phazi likamangolendewera, mtsemphawo wakhudzidwa.

Mbali imeneyi ikukhudza ife mwachindunji. Kuvulala kumeneku kumapezeka pa ngozi za minibasi ndi njinga zamoto za kabaza m'misewu yathu, ndipo kubwezera nyung'unyu sikulira makina odula. Kumalira X-ray, mankhwala ogonetsa, anthu awiri odziwa ntchito, ndi kusataya nthawi. Wodwala wogona usiku wonse akudikira kutumizidwa ku chipatala chachikulu nyung'unyu ili kunja amataya chinthu chomwe opaleshoni yabwino ya mawa singabweze.

Opaleshoni

Ikabwezeredwa, CT scan imayankha mafunso atatu: chidutswa cha khoma n'chachikulu bwanji, muli tizidutswa totsalira m'kati mwa mfundo, ndipo m'mphepete mwa pothyokapo fupa lafwanyikira m'kati kapena ayi. Kawirikawiri chidutswa chosafika 20 pa 100 ya khoma chimasiya mfundo yokhazikika, choposa 40 kapena 50 pa 100 chimaisiya yogwedera, ndipo cha pakatikati amachiyesa wodwala atagonekedwa, akuonera pa makina a X-ray. Kwa munthu amene ntchito yake ndi kugwetsedwa ndi anthu olemera makilogalamu oposa 120, palibe dokotala angafune kusiya khoma lokayikitsa.

Tagovailoa anamutengera ku Houston, komwe Dr. Chip Routt, katswiri wa mafupa a chiuno othyoka pa ngozi, anamuchita opaleshoni Lolemba pa 18 Novembala. Chisankho chimenechi chinali cholondola. Madokotala a zamasewero amasoka mabondo ndi mapewa tsiku ndi tsiku, koma acetabulum ndi ntchito ya anthu omwe amathandiza ovulala pa ngozi za galimoto sabata iliyonse, ndipo zotsatira zake zimadalira kwambiri kuzolowera kwa dzanja.

Opaleshoni ya khoma lakumbuyo imachitika podzera kuthako, njira ya Kocher-Langenbeck. Wodwala amagona chammbali kapena chafufumimba, bondo lili lopinda ndipo ntchafu itawongoka kuti mtsempha wa sciatic ukhale wolefuka. Dokotala amagawa mnofu waukulu wa thako motsatira ulusi wake, kupeza sciatic n'kuuteteza, kenaka kudula timinofu tifupitifupi topotoza ntchafu motalikirako ndi pomwe tagwira fupa. Mnofu wa quadratus femoris saudula, chifukwa mtsempha wa magazi uja umadutsa pamenepo, ndipo dokotala wosasamala akhoza kupha mutu wa fupa womwe ngoziyo inausiya wamoyo. Amatsuka mfundo kuchotsa tizidutswa. Pomwe fupa lafwanyikira m'kati amalitukula, pogwiritsa ntchito mutu wa fupa ngati chikombole, n'kudzaza mphako yotsalayo ndi fupa lina. Akatero amabwezera chidutswa cha khoma osachichotsa ku mnofu womwe chikulendewerako, popeza magazi ake amachokera kumeneko, kuchigwira ndi masikuluwu, n'kuchitchinjiriza ndi kachitsulo kathyathyathya kopindidwa motsatira fupa, kochokera ku fupa lokhalira kufika pamwamba pa chikho.

Muyezo wake ndi wa milimita. Malo othyoka akasiyana ndi milimita imodzi kapena kucheperapo, mfundo imakhala ndi mwayi wabwino wokhala zaka zambiri. Akasiyana ndi mamilimita oposa awiri kapena atatu, kampanda kameneko kamapala mutu wa fupa pa phazi lililonse lomwe munthu aponda. Sikuluwu imodzi yolowa m'kati mwa mfundo imawononga zonse m'miyezi yochepa, n'chifukwa chake amajambula mbali zingapo asanasoke. Atamaliza pamatsala kupewa magazi kuundana m'mitsempha ya miyendo, komanso fupa lomera m'minofu ya thako yomwe yavulala, lomwe limaumitsa mfundo.

Kuchira

Dongosolo lomwe linalengezedwa linali loti kwa milungu 6 asaponde ndi thupi lonse, ayambe zolimbitsa thupi za masewero pakatha miyezi itatu, ndipo ayambe kuponya mpira chakumayambiriro kwa nyengo yofunda ya kumeneko. Kwa odwala wamba madokotala ambiri amaletsa kuponda kwathunthu milungu 8 mpaka 12.

M'milungu yoyambayi wodwala amayendera ndodo ziwiri, phazi likungokhudza pansi. Kulinyamula m'mwamba kotheratu si kwabwino monga ambiri amaganizira, chifukwa minofu yogwira mwendo m'malere imapanikiza mfundo kuposa kulemera kwa mwendo wongotsamira pansi. Saloledwa kupinda ntchafu kupitirira madigiri 90, kupingasa miyendo, kapena kupotozera bondo m'kati, popeza zitatuzi zimakankhira mutu wa fupa pa khoma lomwe angolimanga. Mpando waufupi ndi chimbudzi chachifupi ndi adani ake. Chilonda chikapola amayamba kuyenda m'madzi ndi kupalasa njinga yosayenda yopanda kulemera. Sikani ikaonetsa kuti fupa lagwirana, ntchito yaikulu imakhala pa minofu ya m'mbali mwa thako, yomwe imagwira chiuno kuti chisapendekeke munthu akaima ndi mwendo umodzi. Minofu imeneyi ikakhala yofooka munthu amatsimphina, ndipo kuthamanga usanaikonze kumasamutsira vuto ku bondo ndi msana. Kuthamanga mowongoka kumayamba, kukhota mwadzidzidzi kumabwera pambuyo, kugundidwa kumakhala komaliza.

Pa Tagovailoa panali mfundo ina yapadera. Woponya ndi dzanja lamanzere amakankha ndi mwendo wakumanzere, n'kuponda kutsogolo ndi wakumanja. Phazi lakumanjalo likagwira nthaka, chiuno chonse chimazungulira pamwamba pa fupa la ntchafu lomwe laima, ntchafu ili yopindika pang'ono. Kumeneko ndi kupotokera m'kati, mayendedwe omwewo amene analetsedwa m'milungu yoyamba ndipo amachedwa kubwerera kuposa ena onse. Nyung'unyu yakutsogolo ikakhala youma, chiuno sichimaliza kuzungulira, mphamvu ya miyendo sifika ku dzanja, mpira umachepa liwiro, ndipo phewa ndi chigongono zimasenza katundu wosakhala wawo. Choncho funso la aphunzitsi silinali loti angathamange kapena ayi. Linali loti kaponyedwe kake kabwerera momwe kanalili.

Zomwe matimu ankatha kuona

Pa 6 Januwale 2020 Tagovailoa analengeza kuti sabwerera ku Alabama, alowa draft. Mu Febuluwale, sikani ya miyezi itatu inaonetsa kuti fupa lagwirana. Ku combine ya ku Indianapolis kumapeto kwa mwezi womwewo, komwe madokotala a matimu onse amapima osewera, anapimidwa koma sanathamange kapena kuponya. Anapezeka wamtali mafiti 6 ndi wolemera mapaundi 217, thupi laling'ono pa malo amenewa. Pa 9 Malichi madokotala ake anamulola kuyamba zochita za mpira.

Sabata yomweyo COVID-19 inatseka zonse. NFL inaletsa matimu kuitana osewera ku malikulu awo kapena kuwayendera. Pa wosewera wathanzi zimenezi sizinasinthe zambiri, koma pa uyu zinatanthauza kuti dokotala wa timu yofuna kumutenga sakanathanso kugwira mwendowo ndi manja ake, kuupinda n'kumva pomwe ukuthera. M'malo mwake, kumayambiriro kwa Epulo anapimidwa ku Nashville ndi Dr. Thomas Byrd, katswiri wa nyung'unyu yemwe anali dokotala wa timu ya Tennessee Titans, zotsatira n'kutumizidwa ku matimu onse. Pa 9 Epulo anajambula kanema akuponya mpira pansi pa uphungu wa Trent Dilfer, yemwe anali quarterback wa NFL, n'kuitumizanso. Kanema wotere amaonetsa kuti munthu akuyenda bwino popanda womuthamangitsa, ndipo amathera pomwepo.

Dzina lomwe linali pakamwa pa aliyense linali la Bo Jackson, yemwe anavulala nyung'unyu mu Januwale 1991 akusewera Raiders. Mutu wa fupa lake unafa, sanasewerenso mpira wa mtunduwu, ndipo mu 1992 anamuika nyung'unyu yachitsulo. Dennis Pitta wa Baltimore Ravens inamugulukira katatu, mu 2013, 2014 ndi 2017, n'kusiya kusewera. Koma panalinso C.J. Mosley wa Alabama yemweyo, amene nyung'unyu yake inaguluka mu Januwale 2012 ndipo anasankhidwa m'chigawo choyamba cha draft ya 2014 n'kusewera zaka zambiri. Zitsanzo zitatu sizipanga chiwerengero chodalirika, ndipo kuvulala kwa anthu atatuwa sikunali kofanana. Chomwe dokotala woona mtima akanauza timu mu Epulo 2020 ndi ichi: fupa lagwirana, mfundo yakhala bwino, pakadali pano palibe chizindikiro cha kufa kwa mutu, chiopsezo chake chachepa chifukwa anabwezera msanga koma sichinathe mpaka zaka ziwiri zitadutsa, ndipo chikutiro choterera chomwe chinagundidwa tsiku lija chikhoza kudyeka msanga kuposa cha mnzake wa msinkhu womwewo.

Ndalama zinali zodziwikiratu, chifukwa kuyambira 2011 malipiro a osewera atsopano amatsatira nambala yomwe munthu wasankhidwira. Wa nambala 5 mu 2020 anali ndi mgwirizano wa zaka zinayi wa madola pafupifupi 30 miliyoni, onse otsimikizika. Jordan Love, wa nambala 26, analandira pafupifupi 12 miliyoni. Kukayikira kwa madokotala kukanatha kumudyera ndalama zoposa theka.

Mbali ya timu, mgwirizano wa zaka zinayi ukutanthauza kuti nyamakazi yobwera pa zaka 35 si vuto lawo. Chimene ankaopa ndi kufa kwa fupa m'zaka ziwiri zoyamba. Miami Dolphins, yomwe inamaliza 2019 itapambana masewero 5 n'kugonja 11, inali ndi mwayi wosankha katatu m'chigawo choyamba, choncho ikanatha kupirira chisankho chimodzi chitalakwika. Inalinso ndi chilonda chakale. Mu 2006, Saban yemweyo ali mphunzitsi wa Miami, timuyi inakana quarterback Drew Brees poopa phewa lomwe anali atangochitidwa opaleshoni, n'kutenga Daunte Culpepper. Brees anapita ku New Orleans n'kukapambana Super Bowl, fainolo ya NFL, mu Febuluwale 2010.

Pa 23 Epulo 2020, draft ikuchitikira pa intaneti, Cincinnati inayamba ndi Joe Burrow wa LSU. Miami inatenga Tagovailoa pa nambala 5, ndipo Los Angeles Chargers inatenga Justin Herbert pa nambala 6.

Zotsatira

Miami inayamba chaka ndi quarterback wina, Ryan Fitzpatrick, zomwe zinapatsa nyung'unyuyo pafupifupi miyezi ina iwiri yopanda kugundidwa. Tagovailoa analowa koyamba kwa mphindi zochepa pa 18 Okutobala 2020, ndipo anayamba masewero ake oyamba pa 1 Novembala, pomwe anagonjetsa Los Angeles Rams 28-17, chaka chisanakwane chivulalireni. Chaka choyambacho mipira yake yaitali inalibe mphamvu monga ku Alabama, zomwe zikugwirizana ndi mwendo wakutsogolo womwe sunamalize kubwerera, ngakhale osewera omuzungulira ndi kasewero ka timu zinalinso ndi mbali yake. Malire a zaka ziwiri anadutsa kumapeto kwa 2021 akusewerabe. Mu 2023 anasewera masewero onse 17 n'kutsogola NFL yonse pa mtunda wa mipira yoponya, mayadi 4,624, ndipo mu Julayi 2024 anasaina mgwirizano wa zaka zinayi wa madola 212.4 miliyoni.

Chimene chinadzamuvutitsa kwambiri ndi mutu. Mu 2022 anagwa modetsa nkhawa pa 25 Seputembala posewera ndi Buffalo, anatulutsidwa pa machira pa 29 Seputembala ku Cincinnati, ndipo ubongo unagwedezekanso pa 25 Disembala posewera ndi Green Bay. Zinachitikanso pa 12 Seputembala 2024. Ku Starkville nako kunali kugwedezeka kwa ubongo, koma m'miyezi isanu ya mkangano wa draft anthu ochepa anakulabadira. Akakolo awiri, nyung'unyu ndi mutu, zambiri mwa izi zinadza mofanana: wosewera wa thupi laling'ono akuyesa kupulumutsa sewero lomwe lawonongeka kale, n'kugwa mosadziteteza. Wopima wosewera wotere ayenera kuonera makanema a momwe anavulalira nthawi iliyonse, osangowerenga masikani a chiwalo chimodzi.

Nyung'unyuyo sinachoke pa mndandanda wa zoyang'anira. Kumapeto kwa nyengo ya 2024 Tagovailoa anaphonya masewero awiri omaliza chifukwa cha vuto la nyung'unyu. Munthu aliyense wothyoka khoma lakumbuyo la acetabulum amafunika X-ray ataimirira nthawi ndi nthawi kwa zaka zambiri, poyang'ana ngati mpata wa pakati pa mutu ndi chikho ukuchepa, komanso kuyezedwa madigiri a kupotokera m'kati poyerekeza ndi mwendo winawo. Ululu wa m'mphechepeche poyenda, kapena kuvutika kuvala sokosi ku mwendo umenewo, ndi zizindikiro zoyamba zoti apite akajambulidwe tsiku lomwe anapatsidwa lisanafike.